Nkhodolero

Ku Bangula dzuwa limachita kukukhalira pamutu.
Ndili m'kachipinda kuseri kwa ofesi ya sikimu,
malata akuthetheka,
fani inaima dzana,
laputopu pamiyendo ngati mbaula.

Zenera lakuda. Kamzere koyera kakuphethira,
kudikira kuti ndinene kanthu.

Buku lakale linapita ndi madzi chaka chatha.
Munali zonse: kadzutsidwe ka pampu yachiwiri ikakomoka,
tsiku lotsegula ngalande ya kwa a Fombe,
nambala ya lamba, dzina la mafuta.
Tinalipeza m'bango patatha sabata,
masamba atamatana ngati chigumu chosapsa,
inki itasanduka mtambo.
Zotsala zili m'mutu mwa a Alufandika,
ndipo a Alufandika ayamba kutsokomola usiku.

Ndiye ndikusula kachida
kolumikiza ku pulogalamu imene tili nayo kale,
ka malamulo awiri okha.
Ukalemba kuti yamba, n'kutchula dzina,
kamakuyalira mafoda ngati mizere ya thonje:
apa mutu, apa zithunzi, apa machenjezo,
mapando opanda kanthu odikira mbewu.
Ukalemba kuti umba,
kamatola zolemba zako zokhakhala zija
n'kuzisalaza kukhala masamba,
ena owerengera pafoni,
ena okasindikiza ku Nchalo
tikapeza ya minibasi.

Lachitatu magetsi anathima ndisanasunge.
Ndinatukwana m'Chisena, chimene mayi amati sindichidziwa.
Lachinayi ndinalembanso zonse,
zinatuluka zaudongo kuposa poyamba,
koma a magetsi sindiwathokoza.

Lachisanu Nsayi anabwera kudzayesa,
zala zikununkha mlamba wowamba.
Analemba: yamba Dambo la Ng'ona.
Kompyuta inangoti zii.
Sinakane, sinavomere.
Kamzere kanatsikira pansi, n'kumaphethirabe.

Ndinafufuza mpaka udzudzu utalowa ntchito.
Kenako ndinakaona. Nkhodolero!
Kachizindikiro kopachikika pakati pa g ndi o,
kamene timadutsa tsiku lililonse osakapatsa moni,
mu ng'ombe, mu ng'oma, mu pang'ono,
m'dzina lenileni la Amang'anja.
Makinawa amakayesa khomo la mawu a munthu wina.
Amati pali amene wayamba kuyankhula,
ndiye amakhala chete kuti amalize.
Akanadikira mpaka mvula.

Ndinaseka ndekha mumdima.
Amene anamanga zenerali
sanawolokepo Shire pabwato ng'ona zikusuzumira.
Sindikuti anatisala. Sanatidziwe basi.

Zenera si langa, sindingaliphwasule.
Ndinakonza kachida kanga:
tsopano kamayamba kakufunsa,
Ntchitoyi dzina lake n'chiyani?
ndipo kamalandira monga momwe walembera,
nkhodolero ndi zonse,
osakuuza kuti usinthe dzina la dambo lakwanu.

Lero a Alufandika akhala pa kreti ya zakumwa,
chipewa pabondo, akunena pang'onopang'ono.
Nsayi akutayipa ndi zala ziwiri.
Ine ndalemba umba.
Tsamba latuluka loyera, mutu wakuda bii,
chithunzi cha pampu chakhala pamalo pake.

Aliyang'ana nthawi yaitali, alitalikitsa, aliyandikitsa.
Akuti, Apa mwaphonya.
Valavu simuitsegula yonse.
Mumayamba mwaimvera kaye.

Kuimvera bwanji, bambo?

Aika dzanja m'mwamba ngati pali chitsulo,
apendeketsa mutu.
Kunja njinga ya kabaza yadutsa ndi matumba a makala.
Sakuyankha.

Madzulo ndisunga makope atatu:
ina pafoni ya Nsayi,
ina kwa msuweni ku Limbe,
ina pa fulashi, m'botolo la pulasitiki
lomangirira ku phaso,
pamwamba pa mzere wa matope umene madzi anasiya pakhoma.

Koma panopa ndatsegula tsamba lina.
Ndalitcha kumvera.
Mulibe kanthu.
Kamzere kakuphethira,
ndipo ulendo uno tonse atatu, ine, Nsayi ndi makina,
tikudikira kuti munthu amalize kuyankhula.