Mlendo Wobwera pa Fulashi

Anabwera Lachiwiri, mvula isanagwe,
maluwa a jakaranda ali mbwee m'misewu ya m'tauni.
Sanagogode. Anabisala m'thumba la mwana wa sukulu
wofuna kupulinta masamba anayi okha
asanakwere kombi ya ku Dzivarasekwa.
Ndinalandira dola, ndinazika kafulashi kake pa kompyuta
monga ndichitira tsiku lililonse,
n'kumuuza kuti, yenda bwino mwanawe.

Shopu yanga ndi kachipinda kopanda zenera
kuseri kwa Copacabana, komwe oitanira amakuwa mpaka mawu kusasa.
Muno ndimataipa makalata ofunsira ntchito,
mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati.
Muno ndinkasunganso kaundula wa bungwe lathu la maliro,
ife a ku Mufakose amene makolo athu anabwera pa sitima
kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi:
mayina mazana atatu ndi khumi ndi awiri,
amene walipira, amene watsalira,
ndi mudzi wa aliyense, ngakhale sanaupondeko.

Lachinayi, magetsi atabwerera,
mafayilo onse anali atavala mayina achilendo.
Ndidine ili, zii. Ndidine ilo, zii.
Pagalasi panali uthenga wa Chingerezi chaulemu:
katundu wanu tamukhomera, kiyi tili nayo ife,
madola mazana asanu, masiku atatu asanathe.
Ndinayang'ana loko wa pachitseko. Anali bwinobwino.

Usiku womwewo a Kachingwe anamwalira.
M'mawa akazi awo, mayi Eneresi, ali pakhomo panga,
chitenje m'mutu, kufunsa ngati bokosi lituluke.
Ndikanawauza chiyani?
Kuti zaka zisanu ndi zinayi za zopereka zawo
zili m'manja mwa munthu wopanda nkhope,
wopanda phazi loti n'kulilonda?

Ndinasenza kompyuta ngati mwana wodwala
mpaka kwa Tapfuma ku Gulf, pamwamba pa masitepe.
Anaiyatsa, anapukusa mutu.
Musalipire, amayi, anatero.
Mukampatsa, kiyi sabwera, ndipo mawa abweranso.
Kope lina munasunga kuti?
Ndinayang'ana pansi.
Anafufuta zonse, makina n'kutsala mbee ngati nyumba yosamukamo.

Anatipulumutsa ndi a Ajibu, msungichuma wakale,
amene tinkawaseka chifukwa chokana kutaya mapepala.
Anatulutsa kunsi kwa bedi katoni ya nsapato
yodzaza malisiti a kaboni, ena odyedwa ndi njenjete.
Mausiku atatu, pa kuwala kwa foni,
iwo akuwerenga, ine ndikutaipa.
A Kachingwe anagona m'bokosi lawo.
Koma mayina khumi ndi asanu ndi awiri sanabwerere,
ndipo mudzi wa mayi Lekeleni palibe akuukumbukira.

Tsopano fulashi iliyonse imayamba yapimidwa.
Makasitomala amadandaula kuti ndikuchedwetsa,
ndimati khalani pabenchipo, kombi sizitha.
Kompyuta ikapempha kukonzedwanso sindinenanso kuti mawa.
Pasiwedi sinalinso dzina la mwana wanga.
Uthenga wakuti mwapambana, dinani apa,
ndimaufufuta ndisanamalize kuuwerenga.
Kaundula amagona malo atatu:
m'makina, m'chikwama changa,
ndi papepala, m'katoni ya a Ajibu.

Dzulo mwana uja wabweranso,
yunifomu yomweyo, kafulashi komweko pachingwe cha m'khosi.
Sakudziwa kanthu. Naye anangopatsidwa
ndi kompyuta ina, mu shopu ina.
Ndinakapima. Makina analira, galasi linafiira.
Anandiyang'ana mwamantha ngati wagwidwa ndi chakuba.
Ndinamukokera mpando.
Khala apa, ndinatero, uone mmene timachotsera.