Nambala 41 Sakuyankha

Kuno ku Harlingen, mkuntho ukadzuka,
nyanja imaima pamwamba pa mawindo athu.
Chotilekanitsa nayo ndi mtumbira wa dothi ndi miyala,
ndipo m'mimba mwa mtumbirawo tinakwiriramo timakina makumi asanu ndi limodzi
tomva chinyezi, tomva dothi likamasuntha.
Ine Wietske, ntchito yanga ya usiku ndi kutchera khutu.

Kamakina sikangofikira kukamba nkhani.
Kamayamba ndi odi.
Seva imati: ndamva, nanga iwe ukundimva?
Iko nkuti: ndikukumva.
Mawu atatu, kenako zenizeni.
Ulemu umenewu anaulemba anthu amene sindidzawaona,
ndipo makina a ku Osaka ndi a ku Lima amausunga chimodzimodzi
osafunsana mtundu.

Nkhaninso siyenda yathunthu.
Amaibenthula timaphukusi, kalikonse nambala pamphumi.
Kachitatu kamatha kufika kachiwiri kakadali m'njira,
kakuzungulira ku Amsterdam ngati kalibe kwawo,
koma pakhomo timadikirana, nkuima pamzere,
ndipo kamodzi kakasowa, seva imati: tumizanso.
Sikwiya. Sifunsa kuti unali kuti.

Nthawi ili 2:17, khofi wanga atazizira,
nambala 41 anakhala duu.

Lamulo limati gogoda, dikira sekondi imodzi.
Gogodanso, dikira ziwiri.
Kenako zinayi, kenako zisanu ndi zitatu,
kudikirako kuzinka kukula
kuti kufunsa kwako kusatseke njira ya anzako.
Masamu amenewa sindinawaphunzire ku koleji kokha.
Chiikireni m'manda bambo athu,
mlongo wanga Sjoerd ndinamulembera patatha sabata,
kenako ziwiri, kenako mwezi.
Pano ndili pa miyezi isanu ndi itatu.

Kamakina kalikonse, tsiku lolowa pa netiweki,
kamasiyira seva mawu akeake otsiriza:
ndikadzazimirira osatsanzika, udzawauze izi.
Ndiye seva inawerenga wilo ya 41 pa sikirini,
mawu awiri ofiira: ndachoka, bwerani.
Bambo, amene anayenda pa mtumbira womwewu zaka makumi atatu
ndi nyali ndi ndodo yobayira dothi,
sanatisiyire ngakhale awiriwo.

Ndinadzutsa Douwe. Anatukwana mphepo, nkuvala jombo.
Makilomita khumi ndi awiri, mvula ikumenya cham'mbali,
nkhosa zitaunjikana kuseri kwa mpanda, maso ngwee pa tochi.
Ndinkayembekezera mng'alu, madzi akutumphuka pansi.
Tinapeza dothi lolimba gwa
ndi waya wa mlongoti atadulidwa ndi mano.
Khoswe wa m'madzi, anatero Douwe, nkuseka mpaka kutsokomola.

Zala zitachita dzanzi ndinasenda waya, ndinalumikiza,
ndinakulunga tepi kanayi m'malo mwa kawiri.
Kanyali kobiriwira kanaphethira.
Odi.
Ndamva.
Ndikukumva.

Apo ndi pomwe zinandigwira pakhosi:
timaphukusi zana limodzi ndi makumi atatu tinakhamukira pa laputopu,
2:18, 2:19, 2:20, osadumpha ngakhale mphindi.
Nthawi yonse ija 41 sanasiye kumva nyanja.
Ankalemba, nkusunga, nkulembanso mumdima,
chimene anasowa ndi njira basi.

Pobwerera Douwe anagona, mutu pa galasi.
Ndinaimika galimoto pafupi ndi doko,
pamene sitima ya ku Terschelling imadikira kucha,
ndinatulutsa foni.
Lamulo limati ndidikire miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi.
Ndinalemba: Sjoerd, ndine. Ukundimva?

Kachongi kamodzi kotuwa.
Ndasiya injini ikulira.