Masamu a Mazira pa Geti la Sukulu ku Ulongwe

Lolemba aphunzitsi a Chidzanja analemba pa bolodi
mawu awiri a Chipwitikizi, aatali ngati msewu wa ku Tete,
nati, "Uyu wogulitsa, uyu wogula,
mtengo umabadwira pamene akumana."
Ndinakopera bwinobwino. Sindinatolepo kanthu.

Lachitatu amalume a Dominiko,
atatsitsa matumba a mbatatesi a ku Tsangano,
anandifumbatitsa mametikali mazana atatu
onunkha dizilo ndi thukuta.
"Uwu ndi mpamba, Rufina. Mpamba sadya.
Ukaudya, wakazinga mbewu."

Ndinagula thireyi ya mazira,
zotsala zinapita ku makala, mchere ndi tsabola.
Pa geti, nthawi yopuma, dzira limodzi khumi ndi asanu.
Belu lisanalirenso, beseni linali mbee!
Usiku ndinawerenga ndalama katatu,
kachinayi ndinangowerengera kukoma.
Amayi anati, "Chotsa za thireyi ya mawa.
Chotsa makala. Chotsa awiri anaphulikira mumphika aja,
ndi lija unalawa kuti uone ngati lapsa.
Chotsalacho ndiye dzina lake phindu."
Chinatsala chokwana m'chikhatho cha khanda.

Sabata yachiwiri Jenoveva anatera pambali panga,
beseni lake lalikulu, kachumbari waulere,
iye khumi ndi atatu.
Ndinamuyang'ana ngati wandibera mbuzi.
Ndinatsitsa. Anatsitsanso.
Anyamata ankangozungulira pakati pathu
manja kumbuyo, ngati oyendera katundu pa Kalomwe,
kufunsa uku, kufunsa uko, kumwetulira.
Apo m'pamene bolodi lija linandilankhula:
mazira akachuluka pa geti, bwana ndi wogula.

Kenaka ngongole.
Azariya anati, "Ndipereka Lachisanu."
Lachisanu Azariya anadwala mutu.
Kutsamba lomaliza la kope la mbiri yakale
ndinalemba mayina asanu ndi awiri.
Anayi analipira. Mmodzi anabweza ndi cholembera chosalemba.
Azariya mpaka lero akandiona amawoloka msewu
ngakhale kutsidyako alibe chochita.

Mu Juni, chisanu cha Angonia chitayamba kuluma,
thireyi inakwera osatsanzika.
Ndinaima m'sitolo ndi mazana atatu omwe aja,
mtundu wake womwewo, manambala omwewo,
koma mphamvu zitaphwa ngati tayala la njinga.
Jenoveva anathawira ku zitumbuwa.
Ndinatsala ndekha, ndinakweza ndi awiri,
anthu anang'ung'udza, nagulabe.
Kusowa nako kuli ndi mtengo wake.

Koma ulipo mtengo wina wosalembedwa pa chikatoni.
M'mamawa uja ndinkakoleza moto wa mazira,
anzanga ankakoleza nyali pa mabuku.
Mayeso a masamu ndinapeza zisanu ndi zinayi
mwa makumi awiri,
ine yemwe ndimabweza chenji osaphethira!
A Chidzanja anandiitana, nagula dzira limodzi,
nalisenda pang'onopang'ono:
"Chilichonse wasankha, mwana iwe,
walipira ndi chimene wasiya."
Analipira ndithu. Sanapemphe ngongole.

Tsopano ndimaphika madzulo, ndimawerenga m'mawa,
Lachinayi sindigulitsa.

Dzulo ndinakabweza mpamba kwa amalume.
Anawerenga, nanyowetsa chala, nawerenganso,
natambasula dzanja: "Makumi atatu apamwamba."
"Achiyani?"
"Chiwongoladzanja. Ndalama yanga inagona kunja miyezi inayi."
"Ndimayesa ndinu amalume anga!"
"Ndine amene. N'chifukwa chake ndatchula zochepa.
Ukafunse ku banki."

Ndinapereka, mtima ukuwawa pang'ono.
M'thumba la yunifolomu munatsala mazana anayi
opanda mwini wina koma ine.
Pobwerera ndinadutsa pa sitolo ya nsapato,
zoyera zija zinandikodola pagalasi.
Ndinaziyang'ana nthawi yaitali ndithu,
kenaka ndinakafunsa mtengo wa mathireyi awiri.