Zidendene Sizinama

Lolemba m'mawa, pansi pa mthethe wanga ku Biwi,
benchi yadzaza ndisanatulutse n'komwe singano.
Loweruka anyamata a pa koleji anagonja ziwiri kwa chimodzi,
ndiye mlandu wabwera kudzazengedwa pano,
pakati pa guluu ndi zidutswa za matayala.

A Chimkwita akabaza, chipewa chili pa bondo:
"Gomezgani ndi mphenzi, inu!
Akautenga kumanzere kuja, fumbi limachita kumusaka.
Kungoti anzakewo ndi ngolo za ng'ombe."

"Mphenzi yanji yosang'amba mtengo?"
Awo ndi a Nasiyaya, beseni la zitumbuwa lili m'chiuno.
"Kuthamanga amathamangadi,
ngati minibasi ya ku Kawale yoduka mabuleki:
kupitirira siteji, kupitirira golo,
kukatsitsa mpira pa mbendera ya pakona."

Phwete lonse benchi.

Kenako afika pa Sautso, nambala naini.
Wina akuti chifuwa chake ndi chitseko cha banki,
wina akuti amadikira mpira
ngati mphunzitsi kudikira malipiro.
Mnyamata wa foni yosweka galasi akuwerenga pa zala:
zigoli zinayi pa masewero asanu ndi awiri,
ziwiri mwa izo mapenate,
chimodzi chinangomugunda pa ntchafu iye akuyang'ana kwina.

"Nanga uja wa kumanjayu, dzina lake ndani?"
"Maziko."
"Ameneyo akhale panja.
Mphindi makumi asanu ndi anayi, mpira anaukhudza kangati?
Amangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira."

Ine chete, ulusi uli pakamwa.

Ku bwalo sindipita, Loweruka ndiye tsiku la makasitomala.
Koma timu yonseyo imadutsa m'manja mwangamu,
jombo imodzi imodzi.
Ya Gomezgani yakumanzere ndaisoka kanayi;
yakumanja ikadali ndi fungo la pa kaunjika.
Amene angamutseke mwendo umodziwo
wamutsekera msewu wonse.
Za Sautso zimabwera zitaphulika kumphuno,
kunsi kuli bwinobwino, mano onse alipo,
ngati za munthu woimirira pa mzere wa shuga.

Koma za Maziko, abale.
Milungu iwiri iliyonse zili pano,
zidendene zitadyeka mbali zonse,
mano atatha ngati m'kamwa mwa mbuzi yokalamba,
dothi lofiira litalowa mpaka m'misoko.
Jombo sizitha chonchi pozungulira chabe.
Uyu amathamangira kumene mpira kulibe,
atanyamula otchinga awiri kumsana,
kuti pakati patseguke khomo,
Sautso alowe ngati mwini nyumba,
Gomezgani aomberedwe m'manja.
Akautaya anzake, wobwerera ndi yemweyo,
mpaka kumbuyo kwenikweni,
kukazima moto umene sanayatse.

Ndalavula ulusi, ndanena zimenezi.
A Chimkwita aseka mpaka kutsokomola:
"Inu a Jalasi, mpira mumauonera pansi!"

Eya. Pansi pomwepo.
Kodi umaseweredwa kumwamba?

Dzuwa lafika pamutu, mlandu watha wopanda chigamulo.
A Nasiyaya apita ku depoti,
kabaza wapeza wokwera wa ku Mchesi,
wa foni uja wandisiyira ngongole ya lamba.

Cha m'ma folo koloko akutulukira,
ovolosi ya ku kalasi ili ndi girisi m'mawondo,
jumbo yakuda ili m'khwapa.
"Madala, zang'ambikanso.
Ndili ndi faifi handiredi yokha, yotsalayo Lachisanu."

Sindinamuuze zimene benchi inanena.
Ndazitembenuza, ndapima chidendene ndi chala,
ndasankha chidutswa cha tayala la lole,
chokhuthala chija ndimasungira a polisi,
ndayamba kudula.