Mizere ya Pakhoma

Alendo akafika ndi makamera awo
amayamba n'kuyang'ana kumwamba,
makosi neng'a, ngati nkhuku zikumwa madzi.
Ine ndimawadikira ndi tsache langa.
Akatopa ndimati: bwerani kuno,
gwirani khoma ili.

Mzungu amene anajambula tchalitchichi
anaponda ku Angoniya kuno katatu kokha.
Anafunyulula pepala pa boneti ya galimoto,
nalipsinja ndi miyala inayi
kuti mphepo ya mwezi wa Juni isaliulutse.
Atate anga a Jerevaziyo, mmisiri wa matabwa,
analitembenuza kawiri konse
osadziwa kuti kumwamba n'kuti.
Munalibe nsanamira pakati,
munalibe ngodya yoti wochedwa n'kubisalamo.
Denga linangodzuka lokha kuchokera m'dothi
n'kupindika ngati chishango cha Mngoni
chovundikiridwa pansi nkhondo itatha.

Anthu anati n'chigafa cha fodya.
Ena anati ndi ndege yolephera kuuluka.
Nsanja ya belu anaiimika payokha, chapatali,
ngati mkamwini pamaliro.

Konkire ndi phala, atate ankatero,
alibe msana mpaka utam'bwereka wako.
Miyezi khumi ndi inayi anakhoma chikombole,
tchalitchi chathunthu cha matabwa okhaokha
chimene munthu sanapempheremo n'kamodzi komwe.
Amuna a chibalo ankakwera makwerero, ndowa pamutu,
kuthira, kutsika, kukweranso.
Firimino wa ku Domwe sanatsike ndi miyendo yake.
Konkire atauma kapitawo anati: phwasulani.
Ntchito ya atate inazulidwa msomali ndi msomali,
ina inasanduka nkhuni za kukhitchini kwa ansembe,
ina mabenchi a sukulu,
matabwa asanu ndi limodzi anatsagana ndi mwana wa katekisiti kumanda.

Pamwala wa pakhomo pali dzina la bishopu
ndi la mzungu wa pepala uja.
Werengani, sindikuletsani.

Koma yendetsani chala apa.
Mukumva? Iyi ndi mitsempha ya thabwa.
Iyi mfundo, iyi ina.
Apa sowo inaterereka, atate anatukwana
wansembe ali kumbuyo kwawo.
Simenti saiwala chimene chinam'kumbatira ali wofewa.

M'nyumba muno wansembe anasiya kutipatsa nkhongo.
Guwa analikokera pakati, ife tikulizinga,
Chilatini chinapita, ng'oma inalowa mwamanyazi
n'kupeza kuti denga limaibwezera mawu kawiri.

Kenako kunabwera zaka zimene sitizitchula bwino.
Tinathawira ku Dedza ndi mphasa ndi mbuzi imodzi.
Asilikali anagona muno, anakoleza moto pomwe mwaimapo.
Mwaye uwo ndaukwecha zaka makumi atatu, wakana.
Magalasi amitundu a zenera lalitali lakumadzulo
anathera kuyesera mifuti.
Titabwerera ndalama zogulira ena panalibe,
tinadula matako a mabotolo
n'kuwamata m'mabowo ndi simenti wopempha.
Dikirani dzuwa lipendeke:
kuwala kobiriwira kwa botolo la mowa
kumatsika pang'onopang'ono mpaka pansalu ya paguwa,
ndipo palibe bishopu anadandaulapo.

Atate anachita khungu atakalamba.
Lamulungu lililonse Misa ikatha
ndinkawagwira dzanja, tikuyenda m'mbali mwa khoma.
Iwo ankawerenga ndi zala:
ili ndinacheka ndi Zakeyu,
ili linali lopotoka, ndinalinyengerera masiku awiri,
apa mpamene Firimino anandibwereka fodya
m'mawa wa tsiku lija.
Pamenepo ankaima nthawi yaitali, chipewa m'manja.

Denga likudontha malo atatu tsopano.
Akuti kubwera akatswiri kuchokera ku Tete
kudzapaka pulasitala, khoma likhale see, loyera.
Ndawauza a komiti kuti apake kunja.
M'kati muno asiye.

Sunthani phazi pang'ono, bambo,
ndisese pamenepo.