Makina Achitatu

Ku Tartu dzuwa lalowa isanakwane folo koloko.
Mtsinje wa Emajõgi wauma gwa ndi chisanu.
Ine ndili m'chipinda chapansi
cha nyumba yosungiramo zikalata zakale,
ine ndi makina atatu
ong'ung'udza m'kabati yachitsulo.

Vutoli ndi lamanyazi.
Ukaliyang'anitsitsa limangoti phee.
Ufunse kakhumi, seva iyankha kakhumi,
mwaulemu, ngati mwana woleredwa bwino.
Ungotembenuka kukathira khofi,
balamanthu! mzere wofiira:
funso lanu lalephereka, yesaninso.
Uyesenso, zatheka.
Ndiye ukamuuze ndani kuti pali nthenda
wodwalayo akudya bwinobwino?

Merike, bwana wanga, akuti ndi netiweki.
Taavi akuti makina angotopa,
anawazimitsa n'kuwayatsanso Lachiwiri,
tinaomba m'manja, tinagula keke.
Lachinayi mzere uja uli psuu, pomwe paja.

Masiku asanu ndi anayi ndakhala ndikusanthula
kaundula amene makina amadzilembera okha,
mzere ndi mzere, ngati wosankha timiyala mu mpunga.
Ndinaganizira nthawi: ayi, limabwera ndi usiku womwe.
Ndinaganizira kuchuluka kwa anthu: ayi,
limagwira ngakhale wofunsa ali yekhayekha.
Ndinasintha waya wosalakwa.
Ndinatukwana fani.

Madzulo ano foni inalira.
Bambo wachikulire wa ku Võru, Endel Sõrmus,
mawu ake onjenjemera koma osakwiya.
Akuti: Ndikufufuza mayi anga m'mabuku a ubatizo.
Dzulo ndinawapeza.
M'mawa uno asowa. Masana abweranso.
Pano kulibe.
Mwana wanga, kodi munthu amamwalira kangati?

Ndinasowa choyankha.
Ndinangolemba dzinalo pachikhatho ndi bolopeni.

Kenaka ndinabwerera ku kaundula,
osawerenganso manambala, koma mayina.
Sõrmus. Põldma. Rõuge. Jõgeva.
Onse olephera anali apachibale!
Aliyense wasenza kalemba kaja,
o wovala kansidze kopindika pamutu,
kamene alendo amakalephera kutchula
ife tikamaseka.

Pachipata pali mlonda wogawa mafunso:
ili kwa oyamba, ili kwa achiwiri, ili kwa achitatu,
mosakondera, mosaganiza.
Oyamba amakadziwa kalembako.
Achiwiri amakadziwa.
Achitatu kamawaima pakhosi ngati munga wa nsomba,
amatsamwa, n'kulavula zofiira.

Nanga anawaika ndani makina achitatuwo?
Ndinafufuza, mtima uli m'malere,
ndikuyembekeza kupeza dzina la Taavi.
Novembala, Lachisanu, mphindi khumi isanakwane faifi.
Dzina langa.
Ndikukumbukira: ndinkathamangira basi,
mwana wanga ankaimba kwaya kusukulu,
ndinakopera zonse, n'kusiya mzere umodzi,
umene umauza makina kuti zilembo za m'dziko muno
nazonso ndi zilembo.

Fisi tinkamusaka m'mawaya uja
anali atakhala pampando wanga,
akumwa khofi wanga.

Kukonza kwake sikunatenge ndi mphindi yomwe.
Mawu asanu ndi awiri, batani limodzi.
Zinandipweteka kuti zinali zophweka chonchi.

Tsopano ndi pakati pa usiku.
Pazenera lapamwamba chipale chikugwa mwakachetechete,
mapazi a munthu mmodzi adutsa, afufutika.
Ndalemba: Leida Sõrmus.
Alipo. Wobatizidwa mwezi wa Epulo, inki yofiirira,
dzanja la m'busa lopendekera kumanja.
Ndalembanso. Alipo.
Kachitatu, pamene funso likugwera makina aja,
ndagwira mpweya.

Alipo.

Mawa ndidzamuuza Merike, maso ali pansi.
Ndidzaimbanso ku Võru.
Koma pano sindinyamuka,
wolumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe.
Ndikulembabe dzinalo, kachisanu, kakhumi, ka makumi anayi,
ndipo mayi wa munthu wina
akungovomera, akungovomera,
m'chipinda chozizira chino.