Pikapu ya Nibaldo

Mlamu wanga Ulises adagona chagada kunsi kwake,
m'matope a ku Valle Simpson, tochi ali nayo kukamwa,
mawu ake nkumatulukira pakati pa matayala:
"Dzimbiri ladya, koma silidafike pa fupa."
Ine ndidaima poteropo, ndalama za ng'ombe ziwiri m'jekete,
dzanja litazifumbata ngati zingamve chisanu.

Mayi Ermelinda sadatsike pakhonde.
Adati, "Giya yachiwiri imafuna kuinyengerera.
Chitseko cha kumanzere muzitsegulira kunja.
Hutala idasiya kulira chaka chomwe mwini wake adatisiya."
Mtengo adautchula kamodzi kokha,
ndipo ine, amene ndidabwera nditanola lilime,
ndidangoyala mapeso pa boneti,
mwala pamwamba, kuti mphepo isatengeko gawo lake.

Idali yofiira kale. Lero ndi mtundu wa njerwa yonyowa.
Kumbuyo kudawerama ngati munthu amene wasenza moyo wonse,
utuchi wa lenga udaumira m'ngodya,
mpando udakumbika motsata thupi la wina,
wamfupi kuposa ine, wopendekera kumanja.
Sabata yonse ndidayenda ngati wovala nsapato zobwereka.

Kabuku ndidakapeza ndikufunafuna waya,
pansi pa magolovesi awiri osafanana.
Pensulo, zilembo zogona cham'mbali:
Sandalio wa kuseri kwa sukulu, mamita awiri, zouma, walipira.
Fresia wa pa mlatho, mita imodzi, adzapereka akameta nkhosa.
Tsamba lina: Fresia, mita imodzi.
Lina: Fresia.
Zaka zisanu ndi chimodzi za chisanu,
palibe pamene adakhwatcha, palibenso pamene adawonkhetsa.

Ndinene zoona, ine ndidagula galimoto kuti ndilemere.
Matabwa a coigüe ali ndi msika ku Coyhaique,
ndipo mu Juni tauni yonse imafuka ngati chikuni chimodzi,
wogula nkhuni safunsa mtengo kawiri.
Ndidawerengera usiku mkazi wanga atagona:
maulendo atatu pa sabata,
malata atsopano Disembala asanafike,
mwina ndi macheka a injini osakhala obwereka.

Ulendo wachinayi chipale chidagwa usiku wonse.
Ndidapakira mpaka masipuling'i adadandaula,
nkutsetsereka phiri pa giya yachiwiri ija,
ndikuinyengerera monga adandilangizira,
phazi likunjenjemera pamwamba pa buleki.
Pafupi ndi mlatho pali nyumba ya malata obiriwira.
Chumuni chake chidali chete.
M'dera lino nyumba yosafuka utsi mu Julayi
imalankhula mokweza kuposa belu la tchalitchi.

Kamnyamata kadatuluka kakuthamanga, nsapato zosamanga,
kadamva injini ndisanakhote,
kakudziwa kutsokomola kwake monga udziwira mayendedwe a m'bale wako.
Kadakoka geti, kulitsegula lonse,
kenaka kadayang'ana pa galasi.
Nkhope sidali imene kankayembekeza.
Kadaima choncho, dzanja lili pa geti,
osadziwa kaya katseke kaya kapepese.

Ndikadatha kudutsa. Msewu udali wanga,
nkhuni zanga, ngongole ya dizilo yanganso.
Koma hutala ndi yakufa,
ndidalibe choimbira chonena kuti pepani, ndine wina,
ndipo chiwongolero, ndikulumbira,
chili ndi kulemera kwake kokokera kumeneko.

Fresia sadanene zambiri. Adandipatsa mate wowawa,
madzi ofunda pang'ono, otenthetsa ndi makatoni.
Tidatsitsa mita imodzi, ine ndi kamnyamata,
iko kakusanja mitengo mwaluso lomwe wina adakaphunzitsa.

Madzulo Ulises adasuzumira kumbuyo, nawerenga ndi maso.
"Wagula galimoto kapena wagula ngongole za malemu?"
Sindidamuyankhe. Ndinkasongola pensulo ija ndi mpeni,
yatsala yaifupi ngati chala chaching'ono,
ndipo tsamba lotsatira lidali loyera.

Malata adikire chaka chamawa.
Padenga pakudontha malo awiri okha,
ndipo pena tidaikapo kale beseni.